Kutenga chilolezo cha ukwati ku county ya kumudzi ku Texas

Mchemwali wina wa ku Malawi yemwe ali pa sukulu ku Texas, ku America, watilembera imelo. Iye ndi bwenzi lake, mbadwa ya komweko, akufuna kumanga banja Loweruka lina mwezi wamawa kutchalitchi cha kwawo kwa mwamunayo, ku county yaing'ono ya alimi a ng'ombe (county ndi dera lofanana ndi boma la kwathu, monga Dedza kapena Mzimba). Akufunsa kuti: "Chilolezo cha ukwati tikachitenge kuti, nanga tinyamule chiyani? Poti ine ndili ndi pasipoti ya ku Malawi yokha, andilola?"

Akulolani, achemwali. Lamulo la Texas limavomereza pasipoti ya dziko lina bola isakhale yotha ntchito, ndipo silifuna kuti mukhale nzika. Pafomu pali malo a nambala ya Social Security (nambala yomwe boma la America limazindikirira munthu pa ntchito ndi misonkho), koma amalembapo okhawo amene ali nayo. Anthu ambiri sapunthwa pa mapepala ayi, amapunthwa pa nthawi. Dziwaninso kuti ku America chigawo chilichonse chili ndi malamulo akeake a ukwati, choncho izi ndi za Texas basi.

Chilolezo chimaperekedwa ndi ofesi ya county clerk (kalaliki wa county), yomwe nthawi zambiri imakhala m'nyumba ya khoti pa tauni yomwe ndi likulu la county. Texas ili ndi ma county 254, ndipo mutha kutenga chilolezo ku county iliyonse n'kukachitira ukwati ku county ina. Ngati ofesi ya kufupi ndi sukulu yanu ndi yosavuta kufikako, tengani komweko. M'nyumba ya khoti mumakhalanso ofesi ya district clerk, yomwe imasunga mafayilo a milandu, kuphatikizapo ya kutha kwa maukwati. Imeneyo si yanu. Koma ku county ya anthu osakwana 8,000 lamulo limalola munthu mmodzi kugwira maudindo onse awiri, ndiye musadabwe mukapeza khomo ndi limodzi.

Kuchepa kwa ofesiko kuli ndi ubwino wake: mzere kulibe, ndipo ntchito yonse imatha musanatope n'kukhala. Vuto ndi loti antchito amakhala awiri kapena atatu. Maofesi ambiri otere amatseka pa nkhomaliro kuyambira 12 koloko mpaka 1 koloko, ena amaweruka msanga Lachisanu, ndipo Loweruka ndi Lamlungu sakutsegula n'komwe. Imbani foni musananyamuke. Funsani nthawi yomwe amasiya kulandira ofuna zilolezo, mtengo wake, komanso ngati amalandira khadi la kubanki, chifukwa ena amafuna ndalama zapamanja zokha, ndipo ku tauni yaing'ono makina otapira ndalama akhoza kukhala kutali. Mtengo umasiyana pa county iliyonse, koma mukanyamula madola 100 mwakonzeka. Ngati nonse awiri simukhala ku Texas, ma county ena amawonjezera madola 100, kotero akunyumba kwanuwo atenge laisensi yawo yoyendetsera galimoto ya Texas.

Tsopano nkhani ya nthawi. Chilolezo chikaperekedwa, pamayenera kudutsa maola 72 mwambo wa ukwati usanachitike. Amawerenga maola, osati masiku, ndipo nthawi yomwe chaperekedwa imalembedwa papepalapo. Ngati ukwati uli Loweruka 2 koloko masana, chilolezo chikhale m'manja mwanu Lachitatu 2 koloko isanakwane. Kupita Lachinayi ndi kuchedwa. Mbali inayo, chilolezo chimatha mphamvu pakadutsa masiku 90, ndipo chikatha mumayambanso zonse ndi kulipiranso. Malangizo athu ndi akuti mukatenge kutatsala masabata awiri kapena atatu. Mukatero, ngati chipepala china chavuta, muli ndi mpata wobwereranso.

Maola 72 aja amachotsedwa kwa asilikali omwe ali pa ntchito, kwa amene jaji wawalembera chikalata chowachotsera, ndi kwa amene achita maphunziro a banja a maola 8 a pulogalamu ya boma yotchedwa Twogether in Texas. Maphunzirowa ndi ofunika kuwaganizira, chifukwa setifiketi yake imachotsanso madola 60 pa mtengo wa chilolezo, bola mukhale mutawachita m'chaka chimodzi chapitacho. Abusa ena amalembetsa uphungu wawo m'pulogalamuyi, ndiye afunseni abusa anu ngati chilangizo chomwe akukupatsanicho chikuwerengeredwa.

Kuofesi pitani nonse awiri. Mmodzi akalephereratu, pali fomu ya munthu wosabwera yomwe amasaina pamaso pa notary (munthu wololedwa ndi boma kuchitira umboni siginecha), ndipo mnzakeyo amaipereka pamodzi ndi chiphaso cha wosabwerayo, koma ndi njira yotalika ndipo ofesi iliyonse ili ndi kachitidwe kake. Nonse mukhale a zaka 18 kapena kuposa. Kuyezetsa magazi sikufunika, ndiponso boma silifuna kulengeza ukwati masabata atatu monga timachitira m'matchalitchi kwathu, ngakhale mpingo ungakhale ndi mwambo wakewake.

Musanasaine mudzalumbira kuti zomwe mwalemba ndi zoona, ndipo chimodzi mwa izo ndi chakuti simuli pa banja. Apa tikupempha muganize mofatsa. Lamulo la maukwati la ku Malawi la 2015 limazindikira ukwati wachikhalidwe ngati ukwati weniweni. Ngati munakhalapo pa banja kumudzi, ankhoswe akudziwa, ndipo banjalo linangotha pakamwa osapita kukhoti, musalumbire musanaonane ndi loya, chifukwa nkhaniyi ikhoza kudzaphulika pa nthawi ya mapepala a imigireshoni. Amene ukwati wake unathetsedwa kukhoti ayenera kudikira masiku 30 kuchokera pa chigamulo, pokhapokha jaji atamulola, ndipo ndi bwino kunyamula chikalata cha chigamulocho.

Kalaliki akasindikiza pepala, liwerengeni chilembo ndi chilembo musanachoke pa kauntala. Mayina ngati Chimwemwe kapena Mphatso ndi achilendo kwa iye, ndipo chilembo chimodzi chikasowa, dzina la pa setifiketi ya ukwati limasiyana ndi la pa pasipoti. Onetsetsani kuti sanasinthanitse dzina lanu ndi la bambo. Tsiku lobadwa nalonso ndi msampha: ku America amayamba mwezi kenako tsiku, ndiye 04/09 yomwe kwathu ndi 4 Sepitembala, kwa iwo ndi 9 Epulo. Kukonza pomwepo ndi mphindi ziwiri, koma pepala likalembedwa kale m'kaundula pamafunika mafomu ena olumbirira.

Womangitsa ukwati akhoza kukhala m'busa kapena wansembe wodzozedwa, mtsogoleri wachipembedzo china wololedwa ndi gulu lake, kapena woweruza monga justice of the peace, yemwe ku county yaing'ono sasowa. Mboni lamulo la Texas silifuna, choncho ankhoswe anu abwere mwa ulemu wa kwathu, koma palibe poti asaine. Pa tsikulo mupatseni womangitsayo chilolezo mwambo usanayambe. Iye amalembapo tsiku, county yomwe ukwati wachitikira, n'kusaina.

Gawo lomaliza ndi lomwe limaiwalika phwando likatha. Pepalalo liyenera kubwerera ku ofesi yomwe inalipereka, osati ya county yomwe mwachitira ukwati ngati ndi yosiyana, pasanathe masiku 30 chichitikireni ukwati. Udindowu ndi wa womangitsa, koma mufunseni sabata yomweyo ngati watumiza. Kalaliki akalilemba m'kaundula amalibweza kwa inu pa positi, ndiye perekani adiresi yomwe makalata amafikadi. Kumidzi mabanja ambiri amalandirira m'bokosi la ku positi ofesi, osati pakhomo.

Likalembedwa, gulani makope awiri kapena atatu odindidwa ndi ofesiyo. Mudzawafuna posintha dzina ku Social Security, ku banki, ndi ku USCIS (ofesi ya imigireshoni ya ku America), poti ukwati pawokha susintha visa yanu. Pamafunika kulemba mafomu apadera. Ngati setifiketiyo idzagwira ntchito ku Malawi, tumizani kope limodzi ku ofesi ya Secretary of State ku Austin kuti akaikepo chidindo cha apostille chotsimikizira mayiko ena kuti pepalalo ndi lenileni, ndipo chitani zimenezi musanagule tikiti ya ndege, chifukwa za pa positi zimatenga nthawi.