Impso ya mlongo wako nayonso thupi limatha kuikana

Mayi wina wa ku Matero wandilembera kuti amuna awo anaikidwa impso ku India chaka chatha, ndipo anawapatsa ndi mlongo wawo wa bere limodzi. Panopa ali bwinobwino. Achibale ayamba kunena kuti mankhwala oletsa thupi kukana impsoyo akutha ndalama, bwanji aziwamwa modumphitsa masiku, poti magazi ndi amodzi.

Amayi, musavomere.

Asilikali a m'thupi amazindikira chachilendo poona zizindikiro zotchedwa HLA zimene zili pa maselo. Zizindikirozi timatenga theka kwa mayi, theka kwa bambo, ndiye mwayi woti ana awiri a bere limodzi afanane zonse ndi umodzi pa inayi. Ngakhale amene afanana chonchowo amamwabe mankhwala. Impso imene Dr Joseph Murray anaika ku Boston mu 1954 inakhala popanda mankhwala chifukwa wopereka ndi wolandira anali mapasa ofanana ndendende. Mwamuna ndi mlongo wake sangakhale mapasa otero.

Chimandipweteka mtima n'chakuti "akuoneka bwino" ndi mawu amene ataitsa impso zambiri. Thupi likayamba kukana impso, nthawi zambiri munthu samva kalikonse. Chimene chimayamba kusintha ndi creatinine m'magazi, zinyalala zimene impso imasefa, zomwe zimachuluka impsoyo ikayamba kufooka. Pofika potupa mapazi, mkodzo n'kuchepa, thupi n'kutentha, pamimba m'munsi pomwe anaika impsoyo n'kumapweteka, ndiye kuti zapita patali. Akazipeza msanga, amatenga kanyama ka impso ndi singano n'kukapima, kenako amapereka mankhwala otchedwa methylprednisolone mu diripu, kawirikawiri kwa masiku atatu, ndipo impso imabwerera. Koma kudumphitsa mankhwala kumapangitsa thupi kupanga ma antibody, zida za asilikali a m'thupi, olimbana ndi impsoyo, ndipo amenewa akakhazikika savuta pang'ono kuwachotsa. Amaidya pang'onopang'ono mpaka bambowo abwerere pa makina osefa magazi, katatu pa sabata, maola anayi ulendo uliwonse. Achibale amene akuwerengera mtengo wa mapiritsi awerengerenso zimenezo. Aganizirenso mlamu wanuyo, amene anatsala ndi impso imodzi.

Ndipotu si kudumphitsa kokha. Kuno chifuwa chachikulu n'chofala, ndipo rifampicin, mmodzi mwa mankhwala ake, amatsitsa kwambiri m'magazi tacrolimus, mmodzi mwa mankhwala oletsa thupi kukana impso. Munthu akhoza kumamwa mokhulupirika koma impso n'kukanidwa. Mankhwala a fluconazole ndi clarithromycin, komanso chipatso cha grapefruit, zimamukweza mpaka kuwononga impso yomweyo. Kutsegula m'mimba, kumene kumavuta m'makomboni nthawi ya mvula, nakonso kumamukweza, uku thupi likuuma. Brufen ndi diclofenac ayi, mutu ukapweteka amwe Panado. Zitsamba za m'mabotolo zimene amati zimatsuka impso kapena kulimbitsa chitetezo, musazilowetse n'komwe m'nyumba. Kuchipatala chilichonse, ngakhale kochotsa dzino, mawu oyamba akhale akuti "ndinaikidwa impso".

Zochita

Tacrolimus wa kawiri pa tsiku amwedwe motalikirana maola 12, monga 8 koloko m'mawa ndi 8 koloko usiku, ikani alamu pa foni. Mycophenolate ndi prednisolone, mankhwala enanso oteteza impsoyo, amwe monga analembera dokotala. Tsiku lopima tacrolimus asamwe wa m'mawa mpaka atatengedwa magazi, apo ayi zotsatira zidzanama. Asamwe mapiritsi owirikiza pofuna kubweza amene anaiwala. Akasanza kapena kutsegula m'mimba tsiku lathunthu, kapena sikelo ikakwera makilo awiri m'masiku awiri, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Mankhwala muzikatenga kukatsala a masabata awiri.

Za ndalamazo, pitani nazo kwa madokotala a impso ku chipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka, kumene anayamba kuika impso mu 2018, mukanene poyera kuti zikukuvutani. Pali mankhwala ena otsikirapo mtengo monga azathioprine, koma wosintha ndi dokotala, ndipo akasintha amapimanso magazi pafupipafupi. Wachibale amene akulimbikira kwambiriyo mumutenge, akamve yekha.