Kodi ndilowe nawo mpikisano wa kiriketi?

Funso: Akonzi, ndimagwira ntchito m'sitolo ya Amwenye ku Mzuzu, ndipo abwana andipempha kuti ndilowe m'timu yawo pa mpikisano wa kiriketi wongosangalala. Ine ndinazolowera mpira wamiyendo basi. Ndiyambire pati? Wowerenga, Chibavi.

Yankho: Achimwene, vomerani. Timu imakhala ndi osewera 11, ndipo mipikisano yotere kawirikawiri imatsata dongosolo la T20, la maova 20 mbali iliyonse, ova imodzi kukhala kuponya mpira maulendo 6 kwa womenya. Mwina poyamba adzakuikani kumalire a bwalo kuti muzithamangira mpira, ntchito imene miyendo yanu ikuidziwa kale. Koma funsani msanga ngati mpira wake ndi wa tenesi wokulunga ndi tepi kapena wachikopa, chifukwa wachikopawo, wolemera pafupifupi magalamu 160, ungathyole chala mukauwakha zala zitauloza. Ikafika nthawi yanu yomenya mpira ndi thabwa, musachite manyazi kubwereka chisoti ndi zotchinga miyendo.