Azakhali, bambo wa kunyumba walapa ndipo akufuna kundisiya

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 34, ndimakhala ku Rosettenville, ku Joni, ndipo ndimagwira ntchito ya m'nyumba. Mu 2019 ndinakumana ndi bambo wina wa ku Ntcheu wopenta nyumba, tinayamba kukhalira limodzi, pano tili ndi mwana mmodzi. Patatha chaka ndi pomwe anandiululira kuti kumudzi kuli mkazi ndi ana atatu. Ndinalira, kenako ndinazolowera. Ndalama zake zimalowa mu akaunti yanga poti masiku a mu pasipoti yake anatha kalekale. Mwezi watha tinapita ku mapemphero a usiku wonse, abusa analalikira za chiweruzo, bamboyu anagwada n'kulira kwambiri. Chichokereni kumeneko amagona pansi, akuti tikuchita chigololo, Yesu atabwera usiku uno tonse ndi a kumoto. Akufuna kubwerera kumudzi mu Disembala. Kodi ameneyu ndi Mulungu, kapena mkazi uja wamuyendera? Nanga ine ndilape chiyani poti ndinanamizidwa?

Wothedwa nzeru, Rosettenville

Mwana wanga,

Za bamboyo sinditayirapo nthawi. Anakunamizani chaka chathunthu, anasiya ana atatu, lero akufuna kusiya wachinayi, n'kumati ndi zauzimu. Misozi yakeyo asakuopsezeni nayo.

Ine maso anga aima pa akauntiyo, ngakhale mwaitchula mongodutsa. Kuyambira 2020 mukudziwa kuti ku Ntcheu kuli ana atatu, ndipo randi iliyonse ya bambo wawo imadzera m'manja mwanu. Mwatumizako zingati? Mukuru wotumizira ndalama kumudzi ali pa foni yanu pomwepo. Mukanatumizako mukanalemba, chifukwa munthu wodandaula saiwala zabwino zake. Ndiye musandifunse kuti mulape chiyani. Chaka choyamba munanamizidwa, ndikuvomera, koma zaka zotsatirazo msungichuma munali inu. Ndipo mayi wa kumudziyo musamusemere nkhani ya sing'anga. Mkazi amene walima zaka zonsezi wopanda feteleza, mwamuna ali moyo ku Joni, kulira kwake kokha kumafika kumwamba.

Ndimanena kawirikawiri ndipo sinditopa: kulapa kwa ambiri a ife kuno kumathera kutsogolo kwa abusa. Ulaliki wa moto timaukonda, umatiliza, timatuluka titapepukidwa, Lolemba ngongole zili pomwepo. Koma tsegulani Luka 3. Yohane Mbatizi ataopseza anthu kuti nkhwangwa ili kale pa mizu ya mitengo, iwo anafunsa chochita. Sanawauze zogona pansi. Wa malaya awiri agawireko wopanda, okhometsa msonkho asalipiritse mopyola, asilikali akhutire ndi malipiro awo. Pa Luka 19, Zakeyu analonjeza theka la chuma chake kwa osauka, ndi kubweza kanayi kwa aliyense amene anamulanda, ndipo Yesu ananena za chipulumutso m'nyumbamo atamva masamu amenewo. Nanga pa Mateyu 25, polekanitsa nkhosa ndi mbuzi, mlandu wake ndi wotani? Njala, ludzu, kukhala mlendo, usiwa, matenda, ndende. Paulo ndiye sanapsatire mawu pa 1 Timoteo 5:8, kuti wosasamalira a m'banja lake wakana chikhulupiriro ndipo ndi woipa kuposa wosakhulupirira. (Vesi imeneyi sindiimva kawirikawiri m'mapemphero a usiku a kuno. Mwina poti ndalama ikapita kumudzi, m'mbale ya chopereka mumachepa.)

Chigololo ndi tchimo, sindikuchipeputsa. Koma bambo amene akunjenjemera chifukwa cha bedi, osanjenjemera chifukwa cha mwana wopita ku sukulu chosadya ku Ntcheu, ameneyo akungoopa kupsa. Chisoni cha zimene anachitira anthu sichinamufikebe. Inunso chimodzimodzi, mukuopa kutsala nokha, mayi mnzanu simunamuganizirepo.

Tsono chochita. Musamutsekereze, kwawo apite. Koma dziwani kuti chiyambire 2014, malamulo a South Africa amati wopyola masiku ake ndi masiku oposa 30 amaletsedwa kulowanso kwa zaka zisanu, choncho akadinditsa pasipoti potuluka pa chipata cha Beitbridge musamuyembekezere msanga. Disembala asanafike, khalani pansi ndi abusa omwe anamulizawo, muimbire ankhoswe a ku Ntcheu, mkazi wamkulu amve ndi makutu ake kuti kuno kuli mwana, ndipo bamboyo anene pamaso pa mboni kuti azimusamalira bwanji. Onetsetsaninso kuti dzina lake lili pa chikalata chobadwira cha mwanayo. Ndalama yake yotsala mu akauntimo muiwerengere limodzi, ana anayi onse apezepo gawo, ndipo ya feteleza ipite sabata ino mvula isanagwe.

Azakhali