Kwa mchemwali amene akufuna kuderako khungu

Imelo yako ndinaiwerenga Lachitatu usiku, ndipo tulo sitinabwere msanga. Undilole ndizikutchula kuti iwe, pakuti zaka 22 zimene wanenazo ndi msinkhu wa mng'ono wanga womaliza. Wati uli ndi khungu lachialubino, uli ku koleji, ndipo watopa ndi maso a anthu. Ukufunsa ngati kuwothera dzuwa pang'onopang'ono, mphindi 10 lero, 15 mawa, kungakuderetseko, kapena ngati mafuta amene umawaona pa TikTok angathandize. Kumapeto kwenikweni, ngati nkhani yongodutsa, watchula kachilonda kokhakhala kuseri kwa khutu, kamene sikakupola chiyambire Isitala.

Ndikuyankha, koma funso lakoli landitosa pachilonda chakale.

Ine ndine wakuda bii. Ku pulayimale dzina langa linali Makala, ndipo ena anamaliza Sitandade 8 osadziwa dzina limene amayi anandipatsa. Zimenezo ndinkapirira. Chimene chinandilowa m'mafupa chinachitika pachinkhoswe cha msuweni wanga, ndili ndi zaka 14. Tinali kuseri kwa nyumba tikusenda anyezi, azakhali ena n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako n'kuuza anzawo kuti, "Mwanayu nkhope ndiye ali nayo, koma akanangoyererako ngati mkulu wakeyu." Sanakalipe. Ananena mwachifundo, ngati akunena za mwana wodwala. Misozi inatuluka, onse n'kumati ndi anyezi.

Ndili ndi zaka 19 ndinapeza ntchito yoperekera zakudya pa loji ina m'mbali mwa nyanja ku Mangochi. Malipiro oyamba ndinagawa patatu: ya amayi, ya sopo, ndi ya kachubu kena kamene mayi wina wa mumsika ankasunga pansi pa benchi, m'jumbo yakuda. Anandilangiza ngati namwino. "Musakanize ndi mafuta anu odzola, m'mawa ndi madzulo. Pakatha masabata awiri mudzabwera kudzandithokoza."

Chowawa n'chakuti mafutawo anagwira ntchito. Anthu amene amachenjeza za mafuta oyeretsa khungu amakonda kulumpha mfundo imeneyi, koma ine sindibisa. Ndinayererako, ndipo dziko linandisinthira nkhope. Kondakitala wa minibasi anayamba kundisungira mpando wakutsogolo. Anzanga kuntchito ankati ndayamba kuwala. Mnyamata amene ankandidutsa chaka chathunthu osandipatsa moni anadziwa dzina langa. Munthu wa zaka 19 ungamuuze chiyani pamenepo? Ndinagula chubu yachiwiri, yachitatu, kenako ndinasiya kuwerenga.

Mfundo za zala zinakana kuyera, moti popereka mbale kwa alendo ndinkapinda manja kuti zisaoneke. Masaya anafiira, khungu linapyapyala mpaka timitsempha tinayamba kuonekera. Ndikasiya kudzola masiku atatu, nkhope inkayabwa ndi kutuluka tiziphuphu, ndiye ndinkabwereranso ku jumbo yakuda ija. Mwezi wa October, ndikanyamula thireyi pamchenga masana, nkhope inkatentha ngati andipaka tsabola.

Mwezi womwewo kunabwera mayi wina wachizungu wochokera ku Ulaya, woyera mbee. Anayala thawulo pamchenga cha m'ma 10 koloko, ndipo anadzuka nthawi ya nkhomaliro itadutsa kale. Pofika madzulo mapewa ake anali psuu ngati tomato wakupsa, moti chingwe cha malaya sichinkakhudzika. Anandipempha madzi oundana, ine n'kumuika thawulo yonyowa kumsana. Ali chiweramire choncho anaona mkono wanga, kumtunda kumene sindinkadzolako, n'kuugwira ndi chala chimodzi. Anati akanakonda akanakhala ndi khungu ngati limenelo. Chubu yanga inali m'thumba la epuloni, ikundigunda pantchafu. Ndinapita kuseri kwa khitchini, ndinaima pafupi ndi nkhuni nthawi yaitali osadziwa chochita ndi manja anga. Akazi awiri pagombe limodzi, aliyense akuwotcha khungu lake kuti afanane ndi mnzake.

Kwawoko alinso ndi mabedi a magetsi amene munthu amagonamo kuti adereko, amawatcha ma sunbed. Mu 2009 nthambi ya WHO yofufuza za khansa, IARC, inaika makina amenewa m'gulu limodzi ndi fodya, gulu la zinthu zimene n'zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa. Chaka chomwecho dziko la Brazil linawaletsa, ndipo ku Australia malo ochitira bizinesi imeneyi anayamba kutsekedwa mu 2015. Kuno kwathu nkhondo ndi ya mbali inayo: South Africa inaletsa mankhwala oyeretsa khungu otchedwa hydroquinone m'zodzoladzola mu 1990, Côte d'Ivoire inaletsa mafuta oyeretsa khungu mu 2015, koma machubu akuwolokabe malire m'zikwama. Wogulitsa sunbed ku London ndi wogulitsa chubu pansi pa benchi ali pa bizinesi imodzi. Katundu wawo weniweni ndi manyazi a mkazi. Akapanda kukuchititsa manyazi ndi thupi lako, sadya. Ndimakwiya kwambiri ndikaona atsikana otchuka pa Instagram akutsatsa zinthu zimenezi akumwetulira, nkhope ataisalaza ndi fyuluta, podziwa bwino kuti amene akuonera ndi ana a Fomu 2. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ine ndinasiya kudzola mafuta aja patatha zaka 3, ndipo amene anandisiyitsa ndi agogo anga. Ndinapita kumudzi ku Ntcheu pa Khirisimasi nditadzola paudala wambiri. Agogo anandigwira chibwano, n'kunditembenuzira kukhomo kumene kunali kuwala, n'kupukuta tsaya langa ndi nsonga ya chitenje chawo. Pansi pa paudala panali mabanga akuda, okhakhala, mbali zonse ziwiri. Anafunsa kuti, "Wakuchita chonchi ndani, mwanawe?" Ndinati, "Ndekha, agogo." Sananenenso kanthu. Anandikhazika pamphasa n'kundipatsa lichero la mtedza kuti tiziswa, ndipo tinaswa mpaka dzuwa kulowa, iwo akundiyang'ana mwakabisira. Kuchipatala anadzandiuza kuti mafuta otere amakhala ndi hydroquinone ndi mankhwala amphamvu a steroid, ena mpaka mercury, ndipo mabanga otere sachoka msanga. Lero ndili ndi zaka 39, akadalipo.

Sindikunena kuti zako ndi zanga n'zofanana ayi. Ine ndinkathawa mawu achipongwe. Iwe wakula m'zaka zimene, kuyambira cha m'ma 2014, abale athu achialubino ankabedwa, kuphedwa, manda awo kufukulidwa, chifukwa cha bodza lakuti mafupa awo amalemeretsa. Unali mwana wa pulayimale pamene makolo ankaopa kutumiza ana onga iwe kusukulu okha. Ana amakukuwa kuti napweri, akuluakulu amanong'onezana kuti ndalama zikudutsa. Ndiye ukamati ukufuna kuderako, ine ndikumva munthu amene akufuna kukwera minibasi tsiku limodzi lokha popanda mutu uliwonse kutembenuka. Palibe cholakwika ndi chikhumbo chimenecho, ndipo aliyense wokuuza kuti "ingodzikonda basi" sanayendepo mumsika ndi khungu lako. Koma mlandu uli m'maso mwa oyang'anawo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636 m'Malawi muno. Si alendo, ndi ana a m'mabanja mwathu. Mu 2021 anthu a ku Nkhotakota anasankha a Overstone Kondowe kukhala phungu wawo, woyamba wachialubino kulowa m'Nyumba ya Malamulo, ndipo sanafunike kusintha khungu kuti awavotere. Pa 13 June chaka chilichonse, tsiku lokumbukira anthu achialubino padziko lonse, timavala matisheti ndi kuyankhula bwino pa wailesi, koma pa 14 June mwana akakuwa pamsewu amayi ake amangoseka. Amayi amenewo ndi amene ndikufuna kulimbana nawo, osati iwe.

Za dzuwa

Ayi, mchemwali wanga, usayese n'komwe. Chimene chimadetsa khungu ndi melanin, ndipo munthu akada ndi dzuwa ndiye kuti khungu lavulala kale ndi cheza cha dzuwa chosaoneka ndi maso chotchedwa UV, likutulutsa melanin wambiri pofuna kudziteteza. Ngakhale kwa mzungu uja, kuderako kunali chipsera, osati thanzi. Thupi lako limapanga melanin wochepa kwambiri kapena silipanga n'komwe, ndiye ngakhale utawothera chaka chathunthu sudzada. Udzangopsa, kusupuka, kupsanso. Timadontho takuda timene ena achialubino amatuluka kumaso ndi m'manja si chiyambi cha kuda, ndi chizindikiro chakuti dzuwa lawononga kale pamenepo. Kuwonongekako kumaunjikana chaka ndi chaka, ndipo mapeto ake ndi khansa yapakhungu, imene ikutenga achialubino ambiri m'Africa muno akadali achinyamata, mwakachetechete, popanda nyuzipepala kulemba. Dziko lathu lili kufupi ndi equator, dzuwa lake si la masewera, ndipo mitambo siitchinga UV yense.

Mafuta a pa TikTok ali mitundumitundu. Amene amati uzidzola kenako n'kukagona padzuwa, ataye. Jakisoni kapena mankhwala opopera m'mphuno otchedwa melanotan ndi osavomerezeka ngakhale ku Britain kumene amagulitsidwa mobisa, ndipo ntchito yake ndi kukakamiza thupi kupanga melanin amene lako silingathe kupanga bwino. Njira yokhayo imene sifuna dzuwa ndi mafuta okhala ndi mankhwala otchedwa DHA. Amenewa amangosintha mtundu wa khungu lakufa la pamwamba penipeni, ndipo mtunduwo umafufutika pakatha pafupifupi sabata. Ngati pali ukwati ndipo mtima wako wafunitsitsa, yesa kaye pakamalo kakang'ono pamkono, dikira tsiku lathunthu, usadzole pachilonda, pamilomo kapena pafupi ndi maso. Dziwanso kuti pakhungu loyera kwambiri amakonda kutuluka ngati lalanje, ndipo si mafuta oteteza kudzuwa ayi. Mafuta oteteza kudzuwa olembedwa SPF 50 (nambala yosonyeza mphamvu yake yoteteza) uzidzolabe tsiku lililonse, kubwereza pakatha maola awiri ukakhala panja, osaiwala makutu, khosi, milomo ndi kuseri kwa manja. Chipewa chikhale cha khonde lalikulu osati kapusi, malaya a mikono yaitali, magalasi a dzuwa, ambulera, ndi mthunzi kuyambira 10 koloko mpaka 3 koloko. Za kopeza mafutawo funsa kuchipatala cha boma cha m'dera lako, kapena a APAM, bungwe la anthu achialubino.

Ndinali ndi zambiri zoti ndinene za zovala, za chitenje cha buluu wakuda ndi chobiriwira mmene chimakhalira bwino pakhungu ngati lako, koma zimenezo tidzakamba tsiku lina. Chandigonetsa mochedwa ndi mzere wako womaliza uja. Isitala inapita kalekale. Kachilonda kokhakhala kamene sikapola, pamalo amene dzuwa limamenya, pakhungu lachialubino, si koyenera kudikira mayeso athe kapena ndalama ya upkeep ibwere. Kakapezeka msanga madokotala a khungu amatha kukaumitsa ndi mankhwala ozizira kwambiri kapena kukadula pang'ono, nkhani n'kuthera pomwepo. Usakatokose, usakapake phulusa, mankhwala otsukira mano, kapena a zitsamba. Lolemba m'mawa vala chipewa chako upite kuchipatala, ukanene kuti ukufuna kuonana ndi a zakhungu, ndipo ukawauze mwezi umene kanayamba. Ngati ukuopa kupita wekha, tenga mnzako wa m'chipinda. Ukatuluka undilembere, ndimve zimene akuuza.