Seva yosagwa siichokera pa dzina la OS yokha

Achimwene, mwafunsa ngati pa seva yosunga mafayilo a odwala muyike OS (pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta) ya Linux kapena ya Windows Server kuti isamagwe. Ine ndimakonda Linux, makamaka Debian kapena Ubuntu LTS, yomwe imalandira ma update achitetezo kwa zaka 5. Koma mukangosankha dzina n'kupinda manja, mudzalira tsiku lina.

Kumbukirani zomwe zinachitika pa 19 July 2024. Kampani ya CrowdStrike inatumiza update yolakwika ya pulogalamu yake yachitetezo, ndipo makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni anangoonetsa sikirini ya buluu n'kusiya kugwira ntchito. Ndege zinalephera kunyamuka, zipatala zina zinabwerera ku cholembera ndi pepala. Update imodzi inalowa paliponse nthawi imodzi. Ndiye khalani ndi kakompyuta koyeserapo, update iyambe yagona pamenepo isanafike pa seva yeniyeni.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi anthu onyadira kuti seva yawo yatha zaka ziwiri osaizimitsako. Nthawi zambiri seva yotere ikuyendera kernel (mtima wa OS) yakale, ndipo palibe akudziwa ngati ingadzuke itazima. Ndinakumana nayo pa ofesi ina. Magetsi anathima nthawi yaitali, jenereta inakana kulira, mabatire a UPS (chipangizo chopatsa seva magetsi kwa kanthawi akathima) anali atafufuma. Magetsi atabwera, seva inangoima panjira, chifukwa wina anasintha kalekale fayilo ya fstab (youza seva madisiki oti itsegule ikamayaka) osayesa. Tinachezera m'kachipinda kotentha, thukuta kamukamu, m'mawa anthu ali kale pamzere. Kuyambira pamenepo ndimazimitsa ndi kuyatsa seva dala, pa tsiku lomwe tagwirizana, ndili pomwepo.

Mabwana akanena kuti akufuna seva izigwira ntchito 99.9% ya nthawi yonse, auzeni kuti ndiye kuti seva ingazime maola osakwana 9 pachaka chonse. 99.99% ndi mphindi pafupifupi 53 basi. Kuno kwathu kuthima kwa magetsi kamodzi kokha kumadya zonsezo, choncho ndalama ziyambe zapita ku UPS yabwino, jenereta yoyesedwa sabata iliyonse, ndi chipinda chozizira chopanda fumbi. Ngati thumba likulola, seva zikhale ziwiri.

RAID (kugwirizanitsa madisiki angapo kuti azigwira ntchito ngati imodzi) si backup (kope lapadera la mafayilo) ayi, mukafufuta fayilo molakwitsa imafufutika pamadisiki onse. Sungani kope lina kunja kwa nyumbayo, ndipo mwezi uno womwe yesani kulibwezeretsa pa kompyuta ina, muone kuti zikutenga maola angati.