Pasiwedi ya bwana wosalipira si chikole

Mayi a ku Area 25, kalata yanu ndaiwerenga. Mukuti mumagwirira ntchito makampani muli kunyumba pa laputopu, kuwayankhira maimelo, kukonza ndandanda ya misonkhano ndi kulemba mainivoisi. Bwana wina wa kampani ya zomangamanga kuno ku Lilongwe sanakulipireni K480,000 ya miyezi itatu, ndipo mukafunsa amangoti "cheke chikudikira siginecha". Mukufuna kudziwa ngati mungasinthe pasiwedi ya imelo yawo mpaka alipire, kapena mukawasumire kupolisi.

Za pasiwedizo musayerekeze n'komwe. Anakupatsani kuti muzigwirira ntchito, osati kuti muigwire ngati chikole. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kusokoneza deta ya ena popanda chilolezo, ndiye mutha kupezeka kuti inu wofuna ndalama zanu ndi amene mwaima m'bokosi kuyankha mlandu. Chomwe muli nacho ufulu ndi kuimitsa ntchito. Alembereni kuti kuyambira tsiku lakuti simugwiranso mpaka alipire, muwabwezere zonse zawo, muchoke manja ali oyera.

Kupolisi nako musataye ndalama ya minibasi. Ngongole si mlandu waupandu, ndipo ndime 19 ya malamulo oyendetsera dziko lino imaletsa kutsekera munthu m'ndende chifukwa cholephera kukwaniritsa mgwirizano. Ofesi ya zantchito ndi Industrial Relations Court zimaona nkhani za olembedwa ntchito. Inu mumadzisankhira maola, chipangizo ndi chanu, makasitomala muli nawo angapo. Pamenepo khoti likuonani ngati wabizinesi amene sanalipidwe, ndiye njira yanu ndi khoti la majisitireti.

Mwadandaula kuti simunasainirane pepala lililonse. Mtima pansi. Mgwirizano wapakamwa nawo ndi mgwirizano, vuto limangokhala umboni, ndipo umboniwo uli m'foni mwanu. Lamulo la 2016 lomwelo limalola mauthenga a pa intaneti kuperekedwa kukhoti. Uthenga umene anati "tizikupatsani K160,000 pamwezi", mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba osonyeza kuti miyezi yoyambirira ankalipira, mainivoisi amene munatumiza: sindikizani zonse, masiku ake azioneka, ndipo foniyo musaigulitse. Uthenga uja wa cheke chodikira siginecha muusamale kuposa onse. Munthu amene akuti cheke chikubwera wavomera kale kuti ngongole ilipo.

Kenaka lembani kalata yofuna malipiro. Ikhale yaifupi, yopanda mkwiyo: ntchito imene munagwira, ndalama zake, akaunti yoikamo, ndi kuti pakadutsa masiku 14 mupita kukhoti. Ipititseni nokha kuofesi kwawo ndi makope awiri, wa pa risepishoni adinde chidindo pa kope lanu. Ambiri amalipira pomwepa, chifukwa kontirakitala wosaka makontirakiti a boma safuna kumveka kuti ali ndi samani kukhoti.

Akakhala chete, pitani kwa kalaliki wa khoti la majisitireti mukatsegule mlandu. Mulipira kandalama kolembetsera, kamene mungapemphe kuti kabwezedwe mukapambana. Loya safunika kwenikweni, koma ngati mukufuna thandizo ndipo m'thumba mulibe, kafunseni ku Legal Aid Bureau. Chenjerani ndi dzina la wosumiridwa. Ngati munkagwirira kampani ya "Limited", sumirani kampaniyo m'dzina lake lenileni, osati bwanayo payekha. Akalandira samani n'kusayankha, mutha kupempha chigamulo iwo palibe. Akakanabe kulipira chigamulo chitaperekedwa, mumapempha chilolezo choti a sherifu akalande katundu n'kugulitsa. Musadabwenso khoti likawalola kulipira pang'onopang'ono.

Lamulo la Limitation Act limapereka zaka 6 zosumira ngongole yotere, koma musagonere pamenepo. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene ankadikira malipiro analandira ndalama yoti singagulenso zomwe ikanagula.

Akalipira zoperewera n'kunena kuti adula msonkho, funsani satifiketi ya withholding tax. Ndi imene mukaonetse ku MRA, bungwe lotolera misonkho.

Mwatchulanso kasitomala wa ku Johannesburg amene wayamba kuzengereza. Kumeneko dzanja la sherifu wathu silifika, ndipo kutsata ngongole kunja kungadye ndalama zoposa ngongoleyo. Mwezi wamawa usanayambe, mutumizireni mgwirizano wa tsamba limodzi wonena kuti theka alipiriretu, lotsala pasanathe masiku 7 chilandirireni inivoisi, chiwongoladzanja chakuti akachedwa, ndipo kuti ntchito imaima tsiku limene malipiro apitirira nthawi. Akangoyankha kuti wavomera, imelo imeneyo muisunge.