Chifukwa chake maliro a Seaga anatenga pafupifupi masabata anayi

Mwafunsa chifukwa chomwe a Edward Seaga, nduna yaikulu ya Jamaica kuyambira 1980 mpaka 1989, anamwalirira pa 28 May 2019 koma n'kuikidwa pa 23 June. Achimwene, sikunali kuzengereza ayi.

Anamwalirira ku Miami m'dziko la America, ndiye thupi linayenera kukonzedwa kaye ndi kupezeredwa zikalata lisanakwere ndege. Kenaka boma ndi banja anagwirizana za tsiku, poganiziranso alendo ochokera kumaiko ena. Thupi linagonekedwa poyera kuti anthu akapereke ulemu wotsiriza, kuphatikizapo ku National Arena mu Kingston.

Chinanso chimene chimadya nthawi ndi kukonzekera kwa asilikali. Onyamula bokosi amayeserera kangapo ndi bokosi lolemera ngati lenilenilo, chifukwa mmodzi akaphonya phazi pamasitepe a tchalitchi, katundu yense amapendekera mbali imodzi. Mwambo wa mapemphero unachitikira ku Holy Trinity Cathedral, manda ali ku National Heroes Park.